Phunziro 7: Kashiamu ndi Matenda a Kumtundu mwa Ana Akhanda

Lero tikambirana za tiziwalo tinayi ta pakhosi tomwe ambiri a ife sitinatimvepo, komanso matenda ena a kumtundu omwe amagwira mwana m'masiku oyamba a moyo wake tiziwaloti tikapanda kugwira bwino ntchito. Mwina mwayamba kale kufunsa kuti, "Ine ndine mphunzitsi, si namwino ayi. Za makanda zikundikhudza bwanji?" Zikukukhudzani pawiri. Kumudzi, munthu akachokera kuchipatala ndi buku lolembedwa mawu osamveka, amakagogoda kunyumba ya aphunzitsi. Ndiponso khanda lomwe lapulumuka lero, pakatha zaka 6 lidzakhala litakhala kutsogolo kwanu m'kalasi yoyamba.

Patulani maola awiri. Mukhale ndi kope lanu, timatumba tiwiri tosaonekera mkati, nyemba zitatu zoyera ndi ziwiri zofiira. Ntchito ya nyembazo muiona kutsogoloku.

Nkhokwe ndi wolawa ndiwo

Kashiamu ndi umodzi mwa michere ya m'thupi. Si mchere wothira m'ndiwo uja ayi, ngakhale posachedwa tibwereka fanizo la kukhitchini. Pa magawo 100 a kashiamu yense wa m'thupi, magawo 99 ali m'mafupa ndi m'mano. Mafupa ndiye nkhokwe. Wotsalayo ndi wochepa zedi, koma ndi amene amachititsa kuti mitsempha itumize mauthenga moyenera, minofu ikokeke ndi kumasuka, mtima ugunde, ndiponso magazi agwirane pabala. Mwa munthu wamkulu, thupi limamusunga pakati pa 2.2 ndi 2.6 mmol pa lita imodzi ya magazi. Taonani kufupikirana kwa manambala awiriwo. Kashiamu akatsika, mitsempha imayamba kudzidzimuka yokha popanda woikhudza, ndiye munthu amanjenjemera, minofu imakokana, mwina kukomoka kumene. Akakwera, zonse zimachita ulesi: kufooka, kudzimbidwa, kukodza pafupipafupi, ludzu losatha.

Oyang'anira mlingo umenewu ndi tiziwalo totchedwa parathyroid. Anthu ambiri ali nato tinayi, kalikonse kofanana ndi kambewu ka mpunga, ndipo tinamatirira kuseri kwa chithokomiro. Dzinalo limangotanthauza kuti "pambali pa chithokomiro". Ndi anansi chabe, ntchito zawo ndi zosiyana. Choncho musasokoneze nkhani ino ndi ya kutupa kwa khosi chifukwa chosowa ayodini. Chifukwa cha kuchepa kwake, tiziwaloti tinachedwa kudziwika. Richard Owen anakaona kamodzi mu 1850 potumbula chipembere chomwe chinafera kumalo osungira nyama ku London. Mwa munthu, amene anatifotokoza ndi Ivar Sandström, wophunzira zaudokotala ku Uppsala m'dziko la Sweden, mu 1880. Homoni yomwe timatulutsa, yotchedwa PTH, anaipatula ndi James Collip ku Canada mu 1925.

Kashiamu akayamba kutsika m'magazi, PTH imatuluka n'kukachita zinthu zitatu. Imatapa pang'ono m'nkhokwe ya mafupa. Imauza impso kuti zisataye kashiamu mumkodzo, koma zitaye mchere wina wotchedwa fosifeti. Imauzanso impso zomwezo kuti zidzutse vitamini D, yemwe amathandiza matumbo kuyamwa kashiamu kuchokera m'chakudya.

Nanga tiziwaloti timadziwa bwanji kuti kashiamu wachepa? Timalawa. Pakhungu la maselo ake pali kachipangizo kolawa magazi usana ndi usiku, monga mayi amalawira msuzi asanawonjezere mchere. Edward Brown ndi Steven Hebert pamodzi ndi anzawo ku Boston ndiwo anakatulukira mu 1993, ndipo m'mabuku mukapeza katalembedwa kuti CaSR. M'phunziro lino tizikatchula kuti "lilime". Gwirani fanizo limeneli, chifukwa theka la phunziro lino lagona pamenepo.

Sabata yoyamba

Mwana ali m'mimba savutika n'kulawa. Nsengwa imamupopera kashiamu kuchokera kwa mayi, makamaka m'miyezi itatu yomaliza, mwakuti wobadwa masiku atakwana amakhala ndi magalamu pafupifupi 30 m'thupi mwake. Tsiku lodula mchombo, mpopi uja watsekedwa. Kashiamu amatsika mwa mwana aliyense m'tsiku loyamba ndi lachiwiri, kenako tiziwalo take timadzuka n'kumukweza.

Ana ena amatsikitsitsa m'masiku atatu oyambawo: obadwa masiku asanakwane, obadwa kwa mayi wodwala shuga, ndi omwe anachedwa kulira pobadwa. Zimenezi si za kumtundu, ndipo kawirikawiri zimatha. Chodetsa nkhawa n'chakuti kutsika kwina kumabwera mochedwa, cha kumapeto kwa sabata yoyamba kapena m'sabata yachiwiri. Ganizirani kumene mwana amakhala nthawi imeneyo. Kuchipatala anatuluka kale. Ali m'chikuta, mchombo mwina sunagwe, ndipo akuluakulu akunena kuti khanda silituluka panja. Apa ndi pamene masiku amatayika.

Kukomoka kwa khanda sikuoneka ngati kwa munthu wamkulu wodwala khunyu. Mwina kamkono kamodzi kokha ndi kamene kakugwedezeka mobwerezabwereza. Mwina maso angoti tong'oo, milomo ikutafuna popanda bere, miyendo ikupalasa ngati ali panjinga, kapena wasiya kupuma kwa kanthawi milomo n'kuda. Ena amalira mokwera ngati akutsamwa pokoka mpweya. Njira imodzi yosiyanitsira ndi iyi: kunjenjemera wamba kumaleka mukagwira kamkonoko modekha, pamene kukomoka kumapitirira m'dzanja lanu momwemo.

Koma chonde, musakhale dokotala wa pansi pa mtengo. Zizindikiro zomwezi zimabweranso ndi kuchepa kwa shuga m'magazi, matenda oumitsa khosi, kafumbata, ndi kuvulala kwa ubongo pobadwa, ndipo zimenezi n'zofala kuposa matenda a phunziro lino. Ndi maso simungazisiyanitse. Kuyeza magazi ndiko kumasiyanitsa. Uthenga wanu kwa banja ukhale umodzi: khanda lokomoka, losiya kuyamwa kapena lolefuka lipite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya mchombo wagwa kaya sunagwe.

Pa kutsika kochedwaku pali zifukwa zina zomwe si za kumtundu. Mkaka wa ng'ombe uli ndi fosifeti wochuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa wa m'mawere, ndipo fosifeti akachuluka amagwetsa kashiamu wa khanda. N'chimodzi mwa zifukwa zoyamwitsira bere lokha kwa miyezi 6. Kusowa vitamini D kwa mayi kumateronso. Nthawi zina mayi ndiye ali ndi kashiamu wokwera osadziwa, ndiye tiziwalo ta mwana tinazolowera kugona ali m'mimba. N'chifukwa chake adokotala amatha kutenga magazi a mayi pamene wodwala ndi mwana. Mayi akadabwa nazo, mufotokozereni kuti sakumuimba mlandu.

Mawu awiri oyenera kusamala nawo

Tisanapite patsogolo, ndiloleni ndipatuke pang'ono, poti ntchito yanga ndi ya mawu. Matenda a kumtundu ambiri timawatchula kuti "oyamwira". Pa nkhani ino, mawu amenewa asiyeni. Mayi akamva kuti mwana wayamwira matenda, chomwe angachite n'kumuchotsa kubere n'kuyamba kumupatsa mkaka wa ng'ombe, ndipo taona kumene zomwe mkakawo umachita. Matendawa sadutsa m'bere ayi. Mawu achiwiri ndi "majini". M'mabuku a sayansi amatanthauza malangizo a chibadwa omwe ali m'maselo. Koma kwa anthu ambiri, makamaka a m'mbali mwa nyanja, majini ndi mizimu. Mukauza agogo kuti vuto la mwana lili m'majini, mawa m'mawa muwapeza kwa sing'anga. Nenani kuti "malangizo a chibadwa", ndipo onjezani kuti langizo lililonse linalembedwa kawiri, kope limodzi kuchokera kwa bambo, lina kwa mayi. Kuchimuna ndi kuchikazi amapereka mofanana, kaya banjalo ndi la chikamwini kaya la chitengwa.

Tiziwalo tikasowa

Vuto la chibadwa lomwe limagwetsa kashiamu wa makanda kawirikawiri kuposa ena onse ndi lotchedwa DiGeorge, potengera Angelo DiGeorge, dokotala wa ana wa ku Philadelphia yemwe analifotokoza mu 1965. Masiku ano limatchedwanso 22q11.2 deletion, kutanthauza kuti kachidutswa ka chromosome ya nambala 22 kanasowa, ngati tsamba lothothoka m'buku. Limapezeka mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 4,000 obadwa. Tsamba lothothokalo lili ndi malangizo opangira ziwalo zingapo zomwe zimamera malo amodzi mwana akuumbika: parathyroid, chiwalo cha thymus chomwe chimaphunzitsa chitetezo cha m'thupi, mitsempha ikuluikulu ya mtima, ndi denga la m'kamwa. Ndiye mwana mmodzi akhoza kukomoka, kukhala ndi vuto la mtima, kudwaladwala, ndiponso mkaka kumatulukira m'mphuno poyamwa. Wina amakhala ndi chimodzi chokha cha zimenezi.

Mwa ana 10 otere, pafupifupi 9 makolo awo alibe vutoli. Tsamba linathothoka mwangozi pamene dzira kapena mbewu ya bambo inkapangidwa. Palibe anadumpha mwambo, palibe anadya choletsedwa, si tsempho. Koma munthu amene ali nalo akadzakula, mimba iliyonse ili ndi mwayi wa theka kuti alipatsire. Madokotala aonanso kuti maonekedwe a nkhope omwe amathandiza kulizindikira mwa ana achizungu saonekera bwino mwa ana achikuda, choncho ana athu n'ngosavuta kuwaphonya.

Palinso mitundu ina yosowa kwambiri. Wina, wotchedwa HDR kapena Barakat, umaphatikiza kuchepa kwa PTH, kusamva ndi vuto la impso. Wina wotchedwa Sanjad-Sakati umapezeka makamaka m'mabanja achiluya a ku Middle East. Simukufunika kuiloweza.

Lilime likalakwa

Tsopano tibwerere kukhitchini kuja. Tiyerekeze kuti tiziwalo tonse tinayi tilipo, koma lilime ndi lomwe labadwa mosiyana.

Wophika woyamba ali ndi lilime lakuthwa mopitirira. Mchere pang'ono chabe iye akuti wakwana. PTH siituluka mokwanira, kashiamu amakhala wotsika, ndipo poti impso nazo zili ndi lilime lomwelo, zimatayanso kashiamu mumkodzo. Kope limodzi lotere ndi lokwanira kubweretsa vutoli, choncho limaoneka m'mibadwo motsatizana. Ena m'banjamo samva kanthu moyo wawo wonse, ena amakomoka ali makanda.

Wophika wachiwiri lilime lake ndi lobuntha pang'ono, chifukwa kope limodzi ndi labwino, lina ndi lakufa. Amathira mchere wopitirira pang'ono masiku onse. Kashiamu wake amakhala wokwera pang'ono kuyambira kubadwa mpaka ukalamba, ndipo kawirikawiri sadwala nazo. Madokotala amalemba kuti FHH. Munthu wotere safunika opaleshoni, ndipo ambiri amamwalira ndi ukalamba osadziwa kuti anali nazo.

Nanga awiri otere akakwatirana? Mwana akhoza kulandira kope lakufa kwa bambo ndi lakufanso kwa mayi. Ameneyu alibe lilime n'komwe. Tiziwalo take timakhulupirira kuti m'magazi mulibe kashiamu, ndiye timakula n'kumakhuthula PTH osaleka. Nkhokwe imatapidwa mpaka kugumuka. Mafupa amafewa, nthiti zimathyoka popanda wozigunda, mwana amapuma movutika, amalefuka ngati nsalu yonyowa, sayamwa, amadzimbidwa, thupi limauma madzi, sikelo siikwera. Matendawa amatchedwa neonatal severe hyperparathyroidism, ndipo amayamba m'masabata oyamba. Ndi osowa kwambiri, koma popanda chithandizo amapha. Ndipo taganizani zimene anthu anganene za mayi yemwe khanda lake lapezeka lothyoka nthiti.

Ntchito 1

Tengani timatumba tanu. Kena ndi bambo, kena ndi mayi. M'kalikonse ikani nyemba yoyera imodzi ndi yofiira imodzi. Yoyera ndi kope labwino, yofiira ndi lakufa. Tsinzinani, tolani imodzi m'kathumba kalikonse, lembani zomwe mwatola, bwezerani, sakanizani. Chitani zimenezi maulendo 40. Musawerenge ndime yotsatirayi musanamalize.

Mwapeza zotani? Zofiira ziwiri zikhala zitatuluka maulendo oyandikira 10, yoyera ndi yofiira oyandikira 20, zoyera ziwiri oyandikira 10. Zanu sizikhala ndendende, ndipo mpamene pali phunziro. Yang'anani pamndandanda wanu. Mwina zofiira ziwiri zinatuluka kawiri motsatizana, kenako n'kusowa kwa nthawi yaitali. Kathumba sikakumbukira zomwe kanapereka dzulo. Tikati "mmodzi mwa anayi" sitikutanthauza kuti banja likataya mwana woyamba, atatu otsatira ndi otetezeka. Mimba iliyonse imayambanso kutola. Makolo ambiri amalakwitsa pamenepa, ophunzira omwe. Tsopano chotsani yofiira m'kathumba ka mayi, ikanimo yoyera, ndipo werengani maulendo omwe yofiira ya bambo yatuluka. Umenewo ndiwo mwayi wa theka wa DiGeorge ndi wa lilime lakuthwa lija.

Nyembazi zikutionetsanso chifukwa chake matenda ofuna makope awiri amaoneka kwambiri pamene okwatiranawo ndi apachibale. Asuweni anachokera kwa agogo amodzi, choncho nyemba yofiira ya agogowo ikhoza kupezeka m'timatumba tonse tiwiri. Ukwati wa pachisuweni ndi wodziwika m'miyambo yathu ina, ndipo ana ambiri obadwa m'maukwati otere ndi athanzi. Sindikukutumani kukathetsa mabanja a anthu. Koma ngati m'banja lotere makanda akhala akumwalira mofanana, adokotala ayenera kuuzidwa zonse ziwiri: za imfazo ndi za chibalecho. Anthu amabisa zimenezi chifukwa cha manyazi kapena poganiza kuti n'zosafunika, chikhalirecho ndi zimene zimatsogolera dokotala kuyeza chinthu choyenera.

Chithandizo

Mwana wokomoka chifukwa cha kutsika kwa kashiamu amapatsidwa calcium gluconate kudzera mumtsempha, pang'onopang'ono, akumuyang'anira mtima. Amamuyezanso maginiziyamu, chifukwa akachepa PTH siigwira ntchito. Ngati vuto ndi lokhalitsa, amamwa kashiamu tsiku ndi tsiku pamodzi ndi vitamini D wodzutsidwa kale, calcitriol kapena alfacalcidol, popeza PTH yomudzutsa palibe. Mlingo wake ndi wosamalitsa. Mankhwala akachuluka kashiamu amaunjikana mu impso n'kuziwononga, makamaka mwa a lilime lakuthwa aja. Choncho kholo lisawonjezere mapiritsi palokha, ndipo masiku okayezetsa magazi asadumphidwe ngakhale mwana akuoneka bwino. Usipa, matemba, kapenta ndi bonongwe ndi zakudya zabwino za kashiamu kwa aliyense, koma sizilowa m'malo mwa mankhwalawa.

Kwa khanda lopanda lilime lija, amayamba ndi madzi a m'botolo ndi mankhwala otsitsa kashiamu monga pamidronate kapena cinacalcet. Ambiri amafunika opaleshoni yochotsa tiziwalo tonse, kenako amakhala pa kashiamu ndi vitamini D moyo wonse. Mafupa amachira. Ntchito yotere ndi ya zipatala zazikulu, za msinkhu wa Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe kapena University Teaching Hospital ku Lusaka. Banja likapatsidwa kalata yotumizidwa kumeneko, vuto limakhala ndalama ya ulendo ndi wosiyira ana ena. Apa komiti ya sukulu, gulu la amayi kapena mpingo zikhoza kuchita zambiri kuposa uphungu.

Akafika m'kalasi mwanu

Mwa ana ambiri a DiGeorge, kashiamu amakhazikika akamakula. Koma akhoza kugwanso mwana akadwala malungo kapena kutsegula m'mimba, akachitidwa opaleshoni, pa nthawi yotha msinkhu, ndipo kwa atsikana, akadzakhala ndi pakati. Mwana akamadandaula dzanzi kuzungulira milomo ndi m'zala, kapena dzanja likamakokana polemba mpaka chala chachikulu kupindikira m'chikhatho, musafulumire kunena kuti ndi ulesi wothawa kulemba. Itanani kholo, lione adokotala. Akakomoka, mugonekeni chammbali, chotsani mabenchi pafupi, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, ndipo apite kuchipatala.

Pa maphunziro, ana amenewa amachedwa kulankhula, ndipo ambiri amalankhulira m'mphuno chifukwa denga la m'kamwa silitseka bwino. Anzawo amawaseka, ndipo mwana wosekedwa amasiya kuyankha mafunso. Makutu awo amadwala kawirikawiri, choncho akhale kutsogolo komwe angaone milomo yanu. Chomwe chimasokoneza aphunzitsi n'chakuti ambiri amatha kuwerenga mawu ndi kuloweza bwino ndithu, koma masamu ndi kumvetsa tanthauzo la zomwe awerenga zimawavuta. Ndiye mphunzitsi amati, "Mwana wowerenga chonchi angalephere bwanji 7 kuphatikiza 5? Akuchita dala." Sakuchita dala. Mupatseni timiyala ndi zitsekerero za mabotolo kwa nthawi yotalikirapo kuposa anzake, mupatseni lamulo limodzi pa nthawi, ndipo akawerenga ndime, mufunseni kuti aifotokoze m'mawu akeake. Mano awo nawo amabowoka msanga chifukwa chikutiro chake sichinakhwime bwino. Zomwe kholo lakuuzani za matenda a mwana zithere pakati pa inu, kholo ndi mphunzitsi wamkulu.

Ntchito 2

Ntchito iyi mutumize kwa mlangizi wanu pamodzi ndi zotsatira za nyemba zija. Yerekezani kuti banja lina la m'dera la sukulu yanu linataya mwana woyamba ali ndi masabata atatu. Wachiwiri wabadwa, ali ndi masiku 8, ndipo wayamba kugwedeza kamkono ndi kukana bere. Apongozi akuti mkamwini anadumpha mwambo, ndipo mwana asatuluke mpaka amusambitse mankhwala. Bambo wa mwanayo wabwera kwa inu madzulo. Lembani tsamba limodzi la mawu omwe mungalankhule kwa iye, kenako kwa apongoziwo, m'chilankhulo cha kwanuko. Musagwiritse ntchito mawu akuti "oyamwira" kapena "majini", musatchule dzina la matenda alionse ngati kuti mwawapeza kale, ndipo muonetse momwe mwanayo afikire kuchipatala usiku womwewo.